Tsiku limene ndinakatenga galimoto ya Che Saidi

Ntchito yanga yoyamba ku Doha ndinaipeza kudzera mwa msuweni wanga, amene ankayendetsa basi ya antchito a hotela ina ku Al Sadd. Basi yawoyo itafa tsiku lina, anakumana ndi mwini yadi ya magalimoto akale, ndipo pocheza mwiniyo anadandaula kuti akusowa munthu wodziwa sipanala, wosathawa dzuwa. Msuweniyo anatchula ine. Nthawi imeneyo ndinali ku Limbe, pa garaja ya panja, ndikusintha mabuleki a maminibasi. Mapepala anatenga miyezi isanu. Nditatuluka m'bwalo la ndege, mpweya wotentha unandimenya kumaso ngati ndatsegula boneti ya galimoto imene yabwata, ndipo ndinadziwa kuti za dzuwa zija sankaseka.

Mwini yadiyo anali Abu Samir, bambo wonenepa wa imvi za m'mbali, koma tonse tinkangomuti mudiri, kutanthauza bwana. Ofesi yake inali kachipinda kozizira ku Al Sadd, pamwamba pa sitolo ya mafoni. Yadi yeniyeniyo inali ku Sanaya, dera la magaraja ndi mafakitale, komwe fumbi limalowa mpaka m'mano. Tsiku loyamba anandipatsa ovolosi ndi magolovesi, n'kundiuza mawu ochepa: "Galimoto ikalowa pano ili ndi njira ziwiri. Yamphamvu timaikonza n'kugulitsa. Yotopa timaiphwasula. Iwe uphunzire kusiyanitsa." Nditapeza laisensi ya kuno anandiwonjezera makiyi a bulekidauni, lole yaing'ono ya tebulo lopendekeka yonyamulira magalimoto akufa.

Kusiyanitsako ndinakuphunzira msanga. Umayamba ndi istimara, kakhadi kosonyeza mwini galimoto, kamene amakakonzanso chaka ndi chaka galimotoyo ikapambana mayeso ndi kulipiridwa inshuwalansi. Umafananitsa nambala ya chesisi ya pakhadipo ndi ya pachitsulo. Kenako umaliza injini n'kumvetsera, umayang'ana mtundu wa utsi, umatsegula chivindikiro cha oyilo kuona ngati muli thovu loyera, umayesa eyakoni, chifukwa kuno galimoto yopanda eyakoni ndi uvuni. Yophwasula ili ndi dongosolo lake losadumphika. Choyamba umachotsa batire, kuyambira waya wa negetivu. Umapopa petulo yense m'thanki, umakhetsa oyilo wa injini ndi wa giyabokosi m'migolo yosiyana, madzi a radiyeta paokha, gasi wa eyakoni umamukokera m'silinda ndi makina ake. Ukafulumira kugwira gilayindala petulo asanathe, uwotcha yadi yonse. Zikatero umamasula matayala, magetsi, zitseko, sitata, alitaneta, pomaliza injini ndi giyabokosi pa tcheni buloko. Chigoba chotsalacho folokolifiti imakachisanja pa zinzake, kudikira lole ya ogula zitsulo.

Ndinkagwira masiku asanu ndi limodzi pa sabata, ndipo Lachisanu lokha ndi limene ndinkaona manja anga opanda girisi. Tsiku limenelo Amalawi angapo tinkakumana m'fulati ina ku Rawdat Al Khail, alonda, madalaivala, anyamata a m'mahotela. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi Che Saidi, bambo wa ku Namwera, wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, amene anali atakhala dalaivala wa banja lina ku Nuaija kwa zaka zoposa khumi ndi zisanu. Mabwana awo atagula galimoto yatsopano, anawapatsa yakale n'kuilembetsa m'dzina lawo. Kanali kasaluni koyera ka ku Japan, kokalamba koma kosamalidwa bwino. Pakati pathu ndi iwo okha amene anali ndi galimoto yawoyawo. Wina akadwala, ndi Che Saidi amene ankamutengera ku kiliniki. Wina akamapita ku holide, ndi iwo amene ankanyamula masutikesi. Ine ndinkawasinthira oyilo ndi mapulagi kwaulere, ndipo sankanditcha iwe ngakhale ndinali msinkhu wa mwana wawo. Nthawi zonse ankati a Limbani.

M'chaka changa chachiwiri, nyengo yozizira ikutha, kunabuka mphekesera. Ankati boma likufuna kuchotsa magalimoto akale m'misewu chifukwa cha utsi, ndipo aliyense wopereka galimoto yakale kuti iphwanyidwe adzapatsidwa ndalama zabwino, monga akuti amachitira m'mayiko ena. Ine sindinaonepo pepala lililonse la boma. Uthengawo unkangoyenda m'mafoni, wina kutumizira mnzake, ndipo ndalamayo inkakwera nthawi iliyonse nkhaniyo ikadutsa pakamwa pena. Koma ku Sanaya aliyense ankailankhula ngati chinthu chosainidwa kale.

Chimene ndinaona ndi maso anga ndi mitengo. Galimoto imene dzulo lake munthu akanakupempha kuti ungoichotsa pakhomo pake, lero inali ndi mtengo. Eni mayadi anayamba kugula chilichonse chokhala ndi istimara, ngakhale chopanda mpando, kuti adzachipereke ku boma. Eni magalimoto nawo anachenjera, anayamba kukana kugulitsa. Amene anapwetekeka poyamba ndi anthu ngati ife, ofuna kagalimoto kotchipa kopitira ku ntchito. Ndikukumbukira mlonda wina wa ku Uganda amene anasunga ndalama chaka chathunthu. Atabwera nazo anapeza kuti sizikwananso ngakhale galimoto yopanda eyakoni. Anazungulira yadi kawiri, n'kubwerera kukadikira basi.

Mudiri anagula ndi mtima wonse. Ine ndinkatuluka ndi bulekidauni m'mamawa, kubwera nditanyamula, kutsitsa, kutulukanso. Tinasiya kuphwasula. Magalimoto tinkawaimika mothinana kotero kuti potuluka m'galimoto imene waimika unkadzera pawindo. Ndikamufunsa kuti ndalama za bomazo ziyamba liti, ankandimenya paphewa n'kunena kuti, "Mwezi wamawa, inshallah. Ndili ndi munthu wanga amene akudziwa."

Lachisanu lina Che Saidi anandiitanira pakhonde la fulati lija. Anandiuza kuti maso ayamba kuwavuta, makamaka akamayendetsa dzuwa likulowa, ndipo agwirizana ndi mabwana awo kuti mu Ogasiti abwerere kumudzi kwathunthu. Makaniko wina anali atawapatsa mtengo wa mariyali 6,000, ndalama za kuno, pa galimoto imene kale ikanagulidwa 4,000. Ndalamayo ankafuna kukagulira mwana wawo njinga yamoto ya kabaza, chifukwa mnyamatayo ankapalasa yakapalasa ndipo chifuwa chinali chitayamba kumuvuta.

"Inu muli m'kati mwa ntchito imeneyi, a Limbani," anatero. "Ndigulitse, kapena ndidikire?"

Ndinamva kukoma kufunsidwa nzeru ndi munthu wamkulu chotero. Ndinayankha mosazengereza. "Musagulitse, bambo. Amene akukupatsani 6,000 akudziwa kuti boma lidzamupatsa zoposa pamenepo. Bwanji phindu limenelo lisakhale lanu? Mudiri wathu wadzaza yadi yonse. Mukuganiza kuti angataye ndalama zake pachabe?"

Anagwedeza mutu movomereza, kenako anati istimara yawo ikutha kumapeto kwa mweziwo. Apa ndi pamene ndinawonjezera cholakwa chachiwiri pamwamba pa choyamba. Ndinawauza kuti asavutike n'kukayezetsa galimoto ndi kulipira inshuwalansi, poti ikupita kokaphwanyidwa. Aingoimika, adikire mwezi umodzi kapena iwiri.

Anandimvera. Makaniko uja anamubweza, galimoto anaiimika panja pa mpanda wa mabwana awo. Kuyambira pamenepo Lachisanu ankabwera pa sitima ya metiro ngati tonsefe, ndipo wodwala ankadzifunira yekha takisi.

Mwezi wamawa uja unafika n'kudutsa. Winanso unadutsa. Kutentha kunafika pachimake, ndipo boma silinanene kanthu. Eni mayadi anali atatsekera ndalama zawo m'zitsulo zosayenda, malo oimika atatha. Mmodzi anayamba kugulitsa motchipa kuti apume, anzake anaona, ndipo m'masabata awiri okha aliyense ankagulitsa, wogula palibe. Mitengo inagwa kupitirira pamene inali poyamba. Mudiri anasiya kumenya anthu paphewa. Tsiku lina anaima pakati pa yadi, n'kuloza mzere wonse wa magalimoto ndi dzanja limodzi: "Phwasulani. Yambani uko." Ambiri mwa iwo ankayenda bwinobwino. Masiku amenewo ndinkakhetsa oyilo wa injini zimene ndikanakhala ku Limbe tikanaziyendetsa zaka zina khumi. Lamulo la kuno limaletsa ntchito ya panja masana m'nyengo yotentha, choncho tinkayamba mbandakucha, kupuma, n'kubwereranso chakumadzulo zitsulo zidakali zootcha. Zikhatho zanga zinasupuka ngakhale ndinkavala magolovesi.

Ndiyenera kunena chilungamo pa chinthu chimodzi. Che Saidi anandiimbira foni kangapo m'masabata amenewo, ndipo sindinayankhe. Ku Rawdat Al Khail ndinasiya kupita. Ndinkadziuza kuti ndatopa, ndipo kutopako kunali koona, koma chimene chinkandiletsa chinali manyazi.

Lachinayi lina mu Ogasiti, mudiri ananditumizira malo pafoni n'kunena kuti, "Nuaija. Saluni yakale, ya sikirapu. Mtengo ndagwirizana kale ndi mwini wake, 700. Umasule mapuleti a nambala, ujambule istimara, yalla, fulumira." Nditakhota kulowa mumsewu wa nyumba zikuluzikuluzo ndinazindikira mpanda wake. Che Saidi atalephera kundipeza, anali ataimba nambala ya yadi imene inalembedwa pachitseko cha bulekidauni yanga yomwe.

Anali ataimirira pafupi ndi galimotoyo, atavala mkanjo woyera, chidebe ndi kansalu zili pambali. Anali ataitsuka m'mawa womwewo. Pagalasi lakutsogolo panali chipepala cha baladiya, a khonsolo ya mzinda, chochenjeza kuti galimoto yosiyidwa mumsewu idzakokedwa. Ndinatsika, ndinawapatsa moni ndi manja awiri, iwo anayankha bwinobwino ngati tinaonana dzulo.

Anandifotokozera mmene zinalili. Ndege yawo inali Lachiwiri. Kuno munthu sungakansele ID yako n'kuchoka kwathunthu galimoto idakali m'dzina lako. Kuti aigulitse kwa munthu woti aziiyendetsa, anafunika kukonzanso istimara, kutanthauza mayeso, inshuwalansi ndi matayala awiri atsopano, chifukwa akalewo anali atang'aluka ndi dzuwa poima miyezi yonseyo. Nthawi inalibe, ndipo ngakhale ikanakhalapo, wogula analibe. Makaniko uja atamuimbiranso anangoseka.

Ndinapita kuseri kwa bulekidauni n'kuimbira mudiri. Ndinamuuza kuti galimotoyi ndimaidziwa, injini yake ndaisamala ndekha, eyakoni ikugwira, tikhoza kuikonza n'kuigulitsa, awonjezereko ngakhale pang'ono. Anandidula pakamwa. "Limbani, yadi waiona? Onsewo amayenda. Lero ndikugula chitsulo, osati galimoto. 700, khalas, nkhani yatha. Akakana, bwerera."

Ndinabwerera kwa Che Saidi n'kuwauza. Anati anamva kale, ndisavutike. Ndinatenga sikuludalaivala ndi kugwada kutsogolo kuti ndimasule puleti. Sikulu imodzi inali itachita dzimbiri, ndinaithira mafuta, ndinailimbana nayo nthawi yaitali kuposa mmene inafunikira, chifukwa kugwada kunali kosavuta kuposa kuwayang'ana. Kenako ndinalankhula ndidakali pansi pomwepo.

"Bambo, ndinakulakwirani. Ndine ndinakuuzani kuti musagulitse."

Iwo anafunsa, "Nkhani ija munaimva kwa ndani?"

"Kwa mudiri."

"Iwowo anaimva kwa ndani?"

"Ankati ali ndi munthu wawo. Sindikumudziwa."

"Ndiye bwanji munandiuza ngati mwaona pepala lake?"

Thukuta linkagwera pa puleti imene ndinaigwira m'manja.

"Inenso ndine wamkulu, ndinayenera kufunsa kwina," anapitiriza, mawu awo osakwera. "Koma kuno, a Limbani, munthu umakhala sabata yonse ukumva zilankhulo za eni ake. Wina akakuuza chinthu m'Chichewa, umachikhulupirira msanga. Ndi pamene ndinagwera ine."

Ndinapendeketsa tebulo la bulekidauni mpaka linagunda pansi, n'kuyamba kukoka chingwe cha wintchi kuti ndikakole kutsogolo kwa galimoto. Anandiletsa ndi dzanja. "Musaikoke ngati yakufa. Ndiikweza ndekha." Analowa, anapotoza kiyi kamodzi, injini inalira. Anali akuiliza m'mawa uliwonse miyezi yonseyo kuti batire isafe. Anaikweza pang'onopang'ono, molunjika, osafuna kuti ndiwalozere, anakoka handibuleki, n'kutsika mosamala atagwira m'mphepete. Ndinamanga matayala anayi ndi malamba. Anasaina pepala la mudiri pa boneti ya bulekidauni, ndinawapatsa envelopu, anailowetsa m'thumba osaitsegula. Mayi wa m'nyumbamo anawaitana kuchokera pageti kuti galimoto yaikulu ikufunika. Anandigwira chanza n'kupita kukagwira ntchito yawo.

Ndinkaganiza kuti tsikulo lathera pamenepo. Nditafika ku yadi ndinaiimika pakona, ndi maganizo akuti mwina mudiri akaiona asintha mtima. Chakumadzulo anabwera ndi kasitomala wa garaja ina amene ankafuna injini ndi giyabokosi za mtundu womwewo. Mudiri anatsegula boneti, analiza injini, kasitomalayo anamvetsera n'kumwetulira. Anagwirizana mtengo ine ndili pomwepo. Injini yokha inagulidwa kuposa katatu ndalama imene Che Saidi analandira pa galimoto yonse. Mudiri anatembenukira kwa ine: "Unanena zoona, injini ndi yabwino. Itsike lero."

Ndinaiphwasula ndekha. Ndinachotsa batire, ndinapopa petulo, amene anali pafupifupi theka la thanki. Oyilo amene ndinakhetsa anali woyera, yemwe ndinawathirira ine mwini Lachisanu lina tikuseka. Mabawuti a injini sanavute, chifukwa ena ndinali nditawamasulapo kale. Dzuwa lisanalowe injini inali ikulendewera pa tcheni, ndipo folokolifiti inanyamula chigobacho n'kukachiika pamwamba pa zinzake zitatu. Sindinalire, sindinakwiyire mudiri. Iye anali atataya zambiri kuposa tonsefe ndipo ankangotola zimene akanatha. Ndinangokhala pa tayala, manja ali lende, mpaka basi ya antchito inaliza hutala.

Lolemba ndinapita ku Nuaija ndi kandalama kamene ndinapatula pa malipiro anga. Che Saidi anakana kulandira. Anati ndili ndi ana anga kumudzi, ndipo mlandu wa pakamwa sulipidwa ndi envelopu. Anandipempha chinthu chimodzi chokha, kuti ndibwerere ku Rawdat Al Khail Lachisanu, chifukwa anyamata akufunsa ngati ndadwala. Lachiwiri ananyamuka ine ndili pa ntchito. Patapita miyezi ndinamva kwa munthu wa kwawo kuti njinga yamoto ija sinagulidwe chaka chimenecho. Ndalama za boma zija mpaka lero sindinazione, ndipo sindinapeze amene anayambitsa nkhaniyo.

Ndidakali m'ntchito yomweyi, ngakhale ndinasintha yadi. Galimoto ndimaidziwa tsopano kuposa kale, ndikamva kulira kwa injini ndikhoza kukuuzani vuto lake ndisanatsegule boneti. Chifukwa cha ichi Amalawi anzanga amandifunsa zambiri, zina zimene si za injini konse. Mwezi wathawu mlonda wina wa ku Dedza, amene wangogula kumene kagalimoto kake koyamba, anandipeza ndi foni m'manja, nkhope ili gwa. Anali atalandira uthenga woti magalimoto akale aletsedwa posachedwa, ndipo wina akufuna kumugula yake lero lomwe.

"Achimwene, inu mukudziwa zimenezi. Ndi zoona?"

Ndinamuuza kuti za mabuleki ake ndikhoza kulumbira, chifukwa ndawaona ndi maso anga. Za uthengawo ndangomva ngati mmene wamvera iye, ndipo sindikudziwa. Anaoneka wokhumudwa, ankafuna yankho. Ndinamuuza kuti asagulitse kapena kukana chifukwa cha mawu anga, asunge istimara yake ili yamoyo, ndipo Lamlungu m'mawa, poti kuno maofesi amatsegula tsiku limenelo, tipite limodzi ku ofesi ya zamsewu tikafunse eni ake. Tinapitadi. Tinaima pa mzere maola awiri, ndipo tsiku limenelo anandidula theka la malipiro.